Mlendo Amene Anafikitsa Ufa Wanga Kumapeto kwa Mwezi

Chaka choyamba cha banja langa ndinachithera pa Ulongwe, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Amuna anga ankagwira ntchito pa sikelo yogulira thonje ndi nandolo, ndipo ankalandira pakutha pa mwezi. Tsiku lolandira ankandipatsa gawo la pakhomo m'manja n'kunena kuti ndione pozifikitsa. Ine ndinkayesa ndithu, koma sizinkafika. Sabata yoyamba tinkadya ngati pali ukwati: nyama ya mbuzi, buledi m'mawa, tiyi wamkaka. Yachiwiri tinkatsikira pa usipa. Yachitatu ndinkayamba kugula mafuta a m'timapepala, ndipo yomaliza ndinkakhala pa makina anga osokera pakhonde n'kumalakalaka wina atang'amba thalauza.

Inali nthawi imene mitengo ya zinthu inali itasokonekera. Sopo amene wagula Lolemba umakamupeza atakwera Lachisanu, moti mwini golosale wa pafupi nafe anasiya n'kulemba komwe mitengo pa makatoni. Amayi onse a m'dera lathu tinkadandaula chimodzimodzi pa mjigo, choncho sindinkadziona ngati wolephera. Ndinkangoti mwezi ndiwo watalika.

Alendo anabwera nyengo yozizira itangoyamba kutha, malipiro atangolandiridwa kumene. Anali amalume a amuna anga, akazi awo, ndi mwana wawo wamkazi wamkulu amene anabereka khanda kumsana. Amalumewo anabadwira kwa Nsamala, koma nkhondo ya ku Mozambique itatha anawoloka malire kukalima kumene makolo awo anachokera, ndipo anakwatira konko. Tsopano anali atadwala m'mimba kwa nthawi yaitali, n'kuganiza zobwera ku chipatala cha kuno. Anakwera sitima mpaka ku Liwonde, n'kudzatsika minibasi pa siteji yathu ali ndi thumba limodzi la zovala, mphasa yokulunga ndi nkhuku yomanga miyendo. Bambowo anali ataonda moti lamba ankachita kumuzunguliza.

M'mawa mwake amuna anga anaperekeza amalumewo ndi akazi awo ku chipatala. Anabwerako madzulo ndi mapilitsi, akuti adokotala anena kuti adzabwerenso mwezi ukatha. Kubwerera kwawo kunali kutali, ndipo wodwalayo sakanapirira kugwedezeka kwa ulendo kawiri. Amuna anga anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti alendowo akhala nafe mpaka tsikulo. Anawonjezera kuti mlendo ndi mame. Ndinavomera, koma mumtima ndinali nditayamba kale kuyeza thumba la chimanga ndi maso. Chakudya chimene chinkatithera tili awiri chinafunika kudyetsa akuluakulu asanu, mmodzi wa iwo woyamwitsa, wina wodwala wofuna phala losalala.

Akazi a amalumewo ndinkawatchula kuti amayi, iwo n'kumanditchula mwananga. Anali aafupi, akuda bii, a manja okhakhala ngati khungwa la mtengo. Chichewa chawo chinali chosakanikirana ndi Chilomwe, ndipo sankayankhula zambiri. Masiku oyamba ankangokhala pa mphasa pambali pa amuna awo, kuwathamangitsira ntchentche, kwinaku akundiyang'ana ndikuphika. Ankayang'ana mmene ndinkathirira mafuta mu poto, mmene ndinkatayira madzi otsukira mpunga, makala amene ndinkawasiya akunyeka ndiwo zitapsa kale. Tsiku lina ndikukonzeka kupita ku chigayo kukakonoletsa chimanga, anaimirira, n'kumanga chitenje, n'kugwira thumba mbali inayo.

"Mwananga, ndiloleni ndikuthandizeni ku moto. Kungokhala kukundipweteka msana."

Umu ndi mmene khitchini yanga inachokera m'manja mwanga popanda kulandidwa.

Ku chigayo anandipempha mofatsa kuti tisakonole chonse. Pang'ono tinakonola kuti wodwala apeze ufa woyera wa phala, chotsalacho tinagayitsa mgaiwa. Madeya amene ine ndinkawasiya pa chigayo pomwepo anawakokolera m'kathumba. Kunyumba anawapeta, n'kusefa, n'kupezamo ufa wa zigumu, ndipo zotsalira zake anakasinthanitsa ndi mazira kwa mayi wina woweta nkhuku amene ine ndinkangomupatsa moni wa panjira. Sindikudziwa kuti anagwirizana m'chinenero chanji, pakuti mayiyo ankayankhula Chiyao chokhachokha, koma anabwerako akuseka, mazira ali pa nsonga ya chitenje.

Kumpanda kwa nyumba imene tinkachita lendi kunali mitengo ya chammwamba. Ine ndinkayanikapo zovala. Iwo anathyola masamba ake, n'kuwaphika ndi nsinjiro, ndipo amuna anga anafunsa ngati ndiwozo tagula ku msika. Papaya wosapsa anamusenda, n'kumudula timizeremizere, n'kumuphika ndi matemba ochepa kwambiri, koma fungo la nsomba linalowerera mu poto yense moti aliyense anakhulupirira kuti wadya nsomba. Botolo la mafuta analiika pamwamba pa kabati, n'kumalitsitsa Lamlungu lokha. Masiku enawo mtondo unkalira, ndipo mtedza pang'ono unkakwanira pamene mafuta ambiri ankalephera. Shuga naye anapeza mnzake. Ana a m'mudzi ankagwetsa malambe pa mtengo waukulu wa kunjira ya ku dambo, ndipo amayiwo ankaviika ufa wake m'madzi n'kuthira mu phala la m'mawa. Phalalo linkawawasa bwino, ndipo kasupuni kamodzi ka shuga kankamveka ngati atatu.

Makala anawaletsa mwakachetechete. Inali nyengo yokolola nandolo, ndipo m'minda ya kufupi anthu ankangosiya mitengo yake itauma. Iwo ndi mwana wawo ankapita kukapempha kwa eni minda, n'kubwera atasenza mitolo. Moto wawo unali waung'ono, wa nkhuni zowerengeka zolozetsa pakati pa mafuwa, ndipo poto akangotsika ankazisolola n'kuzizimitsa ndi dothi kuti zidzagwirenso ntchito mawa. Pa phulusa lotentha ankakwirirapo mbatata za khanda ndi mayi ake.

Chimene ndinkachikonda kwambiri chinali kupita nawo ku msika. Ine ndinazolowera kupita m'mawa, zinthu zili zatsopano, ogulitsa ali ndi mphamvu zokanira mtengo. Iwo ankadikira dzuwa lipendeke. Tikafika sankanenerera ngati mmene timachitira ena, kukangana mpaka kutukwanizana. Ankakhala pansi pambali pa mayi wogulitsa tomato n'kuyamba kumuthandiza kusankha, olimba uku, ofewa uku, akumufunsa za kwawo ndi za ana. Pochoka tinkagula mulu umodzi, koma basela wake ankaposa muluwo, chifukwa tomato wofewa yense amene sakanagona ankathera m'dengu mwathu. Kunyumba ankamudula, n'kumuwaza mchere, n'kumuyanika pa denga la malata. Ankayanikanso kholowa, masamba a nyemba ndi therere. Denga lathu linasanduka munda, ndipo oyandikana nafe ankaima panjira n'kumaloza.

Tsiku lina anaona kalongonda atayanga pa mtengo wa mango kwa nkhalamba ina ya ku tchalitchi kwathu. Nkhalambayo inati inabzala chifukwa cha chizolowezi chabe, ana ake safuna n'kumva komwe, akuti kuphika kwake n'kotopetsa. Amayiwo anakolola dengu lathunthu. Ine ndinakulira m'banja la Chilomwe, koma kalongonda ndinkangomudya kwa agogo, sindinaphikepo, ndipo ndinkadziwa kuti wosaphikidwa bwino amaledzeretsa ngakhale kupha kumene. Anamuwiritsa kuyambira m'mawa, akukhetsa madzi akuda n'kuthira ena, kukhetsanso n'kuthiranso, osachoka pa moto, mpaka madzi anayera. Madzulo ake anapatsa amuna awo pang'ono m'kambale. Bambowo, amene kwa masiku ambiri ankangolawa phala n'kukankha mbale, anadya n'kupempha wina. Anayamba kusimba za ubwana wawo kwa Nsamala, za njira ya kusukulu ndi mbuzi za atate awo, ndipo amuna anga anakhala pansi n'kumamvetsera ngati kamwana. Akazi awo anali pa khomo la khitchini, akuwayang'ana akudya. Nkhope imene anali nayo sindinaimvetse tsiku limenelo.

Pakati pa mwezi, nthawi imene ndinkayamba kuzemba mwini golosale, ndinapeza kuti ndalama za pakhomo zidakalipo. Sizinali zambiri, koma zinalipo, ndipo palibe amene anagona ndi njala. Woyamwitsa uja anali atayamba kusalala. Ndinkagona n'kumadzifunsa kuti zikutheka bwanji. Chimanga chinali chomwecho, msika womwewo, mitengo ikukwerabe. Ndinayamba kuwatsatira ngati mthunzi, kuyang'ana dzanja lawo likamatapa ufa, likamatsina mchere. Sankagwiritsa kapu kapena chikho choyezera. Ankayang'ana anthu amene ali pakhomo, n'kuyang'ana madzi mu poto, dzanja n'kulowa mu ndowa. Chakudya chinkatha ndendende, popanda wotsala ndi njala, popanda mkute wotaya. Nditawafunsa kuti anaphunzira kuti, anati nthawi ya nkhondo anakhala m'tchire ndi ang'ono awo, iwo ali mtsikana wongotha msinkhu, ndipo amene ankatapa ufa mosasamala ankaika m'manda mng'ono wake. Ananena zimenezi akupala poto, ngati akunena za mvula ya chaka chatha, ndipo sanabwerezenso.

Chinthu chimodzi chokha chinkandidabwitsa mwa mtundu wina. Ndowa ya ufa inkatsika msanga pang'ono kuposa mmene maso anga ankayembekezera pa kaphikidwe koteroko, ndipo zouma za padenga zinkati zikauma sindinkazionanso zonse mu poto. Sindinafunse. Ndinaganiza kuti mwina akusungira ulendo wobwerera, ndipo ndinaona kuti ngati ndi choncho, akuyenera.

Sabata yomaliza amalume anasiya kudya. Ankangomwa madzi a malambe pa supuni. Amuna anga anafuna kubwereka ndalama kuti tiwatengere ku chipatala tsiku lisanakwane, koma bambowo anakana, akuti atopa ndi minibasi. Anamwalira masana ena kukutentha, mutu uli pa miyendo ya akazi awo, amuna anga ali ku sikelo. Malipiro anali asanatuluke.

Uthenga wa maliro suchedwa. Dzuwa lisanalowe, amayi a ku tchalitchi anali atadzaza pakhonde akuimba, abambo atakhala pansi pa mtengo, ndipo abale a kwa Nsamala anayamba kufika pa njinga, ena pa galimoto ya matola. Anagwirizana kuti thupi ligone kwathu, mawa lake lipite kumudzi kwa amayi awo a malemu. Amuna anga anathamangira kwa abwana awo ndi kwa akalipentala za bokosi. Ine ndinalowa m'khitchini n'kuvundukula ndowa. Ufa umene unalimo unali wokwanira ife tokha kufika tsiku la malipiro, monga mmene unayezedwera. Kunja kunali anthu ochokera kutali, ena atapalasa njinga kuyambira masana osadya kanthu. Ndinkadziwa kuti oyandikana nafe adzasonkha ufa monga mwa mwambo, koma zimenezo zimayenda m'mawa, mbale ikazungulira m'makomo. Madzulo amenewo anali anga. Ndinali mtengwa wa chaka chimodzi, ndipo abale ambiri a amuna anga ankandiona koyamba.

Ndinamva dzanja pa phewa. Anali amayi aja. Anali atachoka pa mtembo wa amuna awo, maso ali ofiira, mpango utamasuka. Anandikokera ku chipinda chimene ankagona, n'kusuntha mphasa imene inaimikidwa pakona. Kuseri kwake kunali thumba lija anabwera nalo ndi zovala. Zovalazo anali atazimanga m'chitenje pambali, ndipo thumbalo linali lodzaza ufa mpaka pakamwa. Pambali pake panali timapukusi ta mfutso, tomato wouma, nandolo amene ankapatsidwa akathandiza kumenya m'minda, mtedza, ngakhale mchere womanga m'kapepala.

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana. Iwo ndi amene anayamba kuyankhula.

"Tengani, mwananga. Ndi zanu zomwe, sindinabwere nazo."

Ndinawafunsa kuti anayamba liti kusunga.

"Tsiku lija tinapita ku chipatala. Adokotala anandiitanira pambali ndekha. Anati mankhwalawa ndi ongoziziritsa ululu."

"Ndiye munkadziwa mwezi wonsewu, amayi?"

"Ndinkadziwa. Ndinati munthuyu adzagona m'nyumba ya mwana uyu, anthu adzabwera, asadzanene kuti nyumba ya mwana wa mlongo wake ndi youma. Dzanja limodzi pophika paliponse silipweteka munthu."

Atatero anamanga mpango wawo bwinobwino n'kubwerera kukakhala pa mutu pa malemu, ndipo ndinawamva akuyambanso kulira pamene anasiyira.

Ndinakhala pansi pambali pa thumbalo kwa kanthawi. Ndinakumbukira masiku onse amene tinkayenda limodzi ku msika, iwo akuseka ndi ogulitsa tomato, akusewera ndi mdzukulu wawo, akuwiritsa kalongonda tsiku lathunthu. Nthawi yonseyo anali atanyamula imfa ya amuna awo okha, osauza mwana wawo, osauza amuna anga, ndipo m'malo mofooka nayo anaiyeza pamodzi ndi zina zonse za pakhomo, n'kuipatsa gawo lake pa ufa wa tsiku lililonse. Anadyetsa amoyo, n'kudyetseratu olira amene anali asanabwere, zonsezo pa malipiro a munthu mmodzi amene ine ankandithera tili awiri. Ndaona anthu ochita zazikulu m'moyo wanga, koma mantha aulemu amene anandigwira m'chipinda chimenecho sindinawamvenso kwina.

Amayi a ku tchalitchi anabwera ndi miphika yawo ikuluikulu, ndipo tinaphika. Aliyense anadya. Azakhali ena a amuna anga, amene ankadziwika ndi pakamwa, anandiitana n'kundigwira dzanja, akuti mwana wawo anapeza mkazi wodziwa kusunga pakhomo. Ndinawauza kuti si ine, ndi amayi ali m'nyumbamo. Anagwedeza mutu ngati akuti ndikudzichepetsa, ndipo ndinaona kuti pa maliro si pokanganirana zoterozo. M'mawa ufa wa oyandikana nafe unafika, wina tinapita nawo kwa Nsamala pamodzi ndi bokosi.

Malemuwo anaikidwa pafupi ndi amayi awo, pa manda a pansi pa mitengo ya masawu. Mwambo wonse utatha, akuluakulu a banja anapempha amayi aja kuti akhale kumudziko, akuti malo olima alipo. Anathokoza, koma anati kwawo anasiya chinangwa m'munda ndi mbuzi kwa mnansi, ndipo mvula isanagwe ayenera kukafolera nyumba. Anabwerera nafe pa Ulongwe kudikira tsiku la sitima.

Malipiro anatuluka ali pomwepo. Amuna anga atandipatsa gawo la pakhomo, ndinapita nalo kwa amayiwo n'kuwapempha kuti andiuze mmene ndingaligawire. Anaseka koyamba chichitikire maliro, akuti iwo ndalama za kuno sazidziwa bwino, amasokoneza mapepala ake. Anati tipite ku chigayo basi, ndikaone. Masiku otsalawo anandisiyira moto, iwo n'kukhala pa mpando wa makina osokera akunditsata ndi maso. Ndikatapa ufa wambiri ankatsokomola pang'ono, ine n'kubweza. Ndinawasokera bulauzi yakuda ya namfedwa ndi kadiresi ka mdzukulu wawo, ndipo anakangana nane kwa nthawi ndithu pa nsalu imene inatsala, akuti ikwanira kachikwama.

Tsiku lonyamuka tinawaperekeza pa siteji m'mawa. Minibasi ya ku Liwonde inali itatsala pang'ono kudzaza, kondakitala akumenya chitseko ndi dzanja. Mwana wawo analowa ndi khanda, iwo n'kutsalira pang'ono panja. Anandiuza kuti mayi wa mazira uja ali ndi mwana wodwala chifuwa, ndizikamuona. Anatinso mayi wa tomato amuna ake anamwalira chaka chatha, ndisamangogula n'kuchoka, ndizikhala naye pansi pang'ono. Kenaka anakwera, anthu n'kuwasunthira malo pafupi ndi zenera, minibasi n'kulowa mumsewu.

Sitinaonanenso. Kumene amakhala foni sigwira bwino, ndipo uthenga umabwera mwa apo ndi apo kudzera mwa anthu ochita malonda a pa sitima. Womaliza umene ndinamva unali wakuti ali bwino, akulera adzukulu atatu, ndipo chaka chimene mvula inavuta anthu a m'mudzi mwawo ankakagula mbewu kwa iwo.